Sitima ya ku Tanzania yandiwawitsa mtima, anzathuwa atisiya kutali

Ndangofika kumene kuchokera ku Dar es Salaam, ndinapita kukaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo, kaulendo ka masiku asanu basi. Amene mumayenda njira imeneyi mukuidziwa, ukawoloka pa Songwe kulowa Kasumulu, kenako Mbeya, basi tsiku lonse mpaka kudutsa Mikumi, pofika ku Morogoro msana watha kale koma kutsogolo kukadali Chalinze ndi Kibaha komwe malole amangondondozana ngati nyerere, maola anayi kapena asanu usanaione Mbezi, pa depoti ya mabasi ya ku Dar.

Ulendo uno mayi ena omwe tinakhala moyandikana mu basi anandiuza kuti achimwene tiyeni titsike pa Msamvu, depoti ya mabasi ya ku Morogoro, tikakwere SGR, sitima yatsopano ija. Ndinawamvera. Abale inu! Tikiti ya anthu wamba inali 13,000 ya ma shilling, chikwama chidutse pa mashini ngati pa eyapoti, mpando wako uli ndi nambala, palibe zolimbirana, palibe woimirira. Nthawi yomwe inalembedwa pa tikiti ndi yomwe sitima inanyamuka, ndipo maola awiri asanakwane tinali titafika pakati pa tauni ya Dar, ku Kariakoo kungoyenda pang'ono. Ndinaoda katundu wanga tsiku lomwelo mashopu asanatseke, zomwe pa basi sizinanditheke ndi kale lomwe. Sitimayi ndi yamagetsi, imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, mkati muli zii, tiyi m'kapu osatayika. Anayamba kunyamula anthu mu 2024, lero ikufika mpaka ku Dodoma, ndipo anamanganso damu lalikulu la magetsi la Julius Nyerere pa mtsinje wa Rufiji.

Ndili pa windo paja mtima unandiwawa ndithu, ndinkangoganiza za kwathu. Ife njanji tinayamba kukhala nayo kalekale nthawi ya atsamunda, koma mpaka lero kumpoto kulibe ngakhale mita imodzi, Mzuzu, Karonga, mwana amakula mpaka kukwatira asanaionepo sitima. Ukaima pa Liwonde umaona mabogi a malasha ochokera ku Moatize akudutsa osatha kuwawerenga ulendo wa ku Nacala, pomwe ya anthu ya ku Limbe, Balaka mpaka Nayuchi umachita kufunsa kuti kodi ibwera tsiku liti. Malasha a eni akuyenda bwino m'dziko mwathu kuposa ife eni dziko, zimenezi ine sizindisangalatsa olo pang'ono.

Pena ndivomereze, si zonse za kumeneko zomwe zili bwino kwa ife a geni. Mu SGR katundu amamuyeza pa sikelo ndipo pali malire, ndiye zimabelo zanga pobwerera zinayenda pa msewu womwe uja wa malole. Yathu ija ngakhale imayenda mokwawa imamudziwa munthu wosauka, mayi amakwera ndi dengu la tomato, thumba la chimanga, nkhuku, njinga, pa siteshoni iliyonse malonda akuchitikira pa windo. Komanso sitima ya TAZARA yodutsa ku Mbeya ija, yomwe anamanga ma China m'ma 1970, ndi yokalamba ngati yathu yomwe, a ku Zambia okwerera ku Kapiri Mposhi angachitire umboni.

Koma zimenezo sizikundizizilitsa mtima ayi. Lilongwe ndi Blantyre ndi mtunda wa makilomita 300 ndi kanthu, pa sitima ngati imeneyi munthu bwenzi ukunyamuka m'mawa, kukagula katundu ku Limbe, madzulo uli pakhomo ukudya nsima ndi ana. Pano timathera tsiku pa M1 kuzemba maenje, mafuta akasowa ulendo wafa. Mwezi wa mawa ndikupitanso, ndipo pa Msamvu nditsika ndithu.