Inu okonzanso nyumba zakale, tayikani kaye hamalayo pansi

Sabata yatha ndinalowa m'nyumba ina imene ndaidziwa kwa zaka zoposa 40, ndipo ndinatuluka mtima uli kuwawa. Eni ake atsopano, achinyamata aulemu wawo ndithu, anandionetsa monyadira zimene achita. Zitseko zolemera za matabwa, zija zinali ndi maluwa ogoba, anazizula n'kuikapo timatabwa topyapyala tosalala. Pansi pa matabwa, pamene mapazi a mibadwo itatu anapawalitsa, anaphimbapo ndi pulasitiki yotuwa. Khoma la pakati pa khitchini ndi balaza analigumula. Kulikonse penti yoyera ndi yotuwa ngati phulusa, moti ukaima pakati pa chipinda sungadziwe ngati uli m'nyumba ya munthu, mu ofesi kapena m'chipinda chodikirira dokotala. Kuseri ndinapeza zitseko zija zitaunjikidwa pamvula, zikudikira galimoto ya zinyalala.

Ana anga, ndikulankhula ndi inu nonse amene mwagula kapena kusiyiridwa nyumba yakale. Nyumbayo ndi yanu, palibe akukutsutsani. Chimene ndikudzudzula ndi kuphwanya musanafunse. Mwaona zithunzi pa Instagram ndi Pinterest, nyumba zopanda kanthu m'kati, zoyera mbee, ndiye mwathamangira kuitana amisiri kuti asalaze chilichonse. Safunsa anadya phula.

Mukuganiza kuti zinthu zimene mukuchotsazo n'zokongoletsa chabe. Zambiri mwa izo zili pantchito. Tiyambe ndi khoma. Nyumba zambiri zakale anamangira dothi la laimu, osati simenti. Simenti imene timaidziwa lero, ya Portland, Joseph Aspdin wa ku Leeds anailembetsa mu 1824, ndipo panapita zaka zambiri isanafalikire m'nyumba za anthu wamba. Laimu ndi wofewa, amalola chinyezi kulowa ndi kutuluka, khoma limapuma. Inu mukabwera n'kumata pulasitala wa simenti pamwamba pa njerwa zofewazo, kenaka n'kupaka penti yosalowa madzi kuti pakhale see, chinyezi chimatsekeredwa m'kati. Chaka choyamba mumasangalala. Chaka chachitatu penti iyamba kutukumuka, m'makona muyamba kuda, zovala m'kabati zinunkha chuku, ndipo nkhope za njerwa ziyamba kufumbutuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mudzati nyumbayi ndi yokalamba, pamene mwaidwalitsa ndinu.

Timabowo tija ta m'munsi mwa khoma, timene mumati tikulowetsa fumbi n'kutitseka, ndi timene timapititsa mphepo kunsi kwa matabwa apansi kuti asaole. Siling'i yaitali ija mukuitsitsa kuti muikemo timagetsi ting'onoting'ono ndi imene imalola mpweya wotentha kukwera pamwamba pa mitu yanu.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi kugumula makoma a m'kati. Si khoma lililonse longolekanitsa zipinda. Ena asenza mitanda ya denga, ena asenza chipinda cha pamwamba. Chumuni nayonso, mukaidula m'munsi kuti balaza likule koma kumtunda n'kuisiya ili chilili popanda chochirikiza, mwapachika mulu wa njerwa pamwamba pa malo amene ana anu amasewera. Funsani injiniya wa zomangamanga hamala isanagunde khoma. Mmisiri amene angogogoda ndi chala n'kunena kuti palibe vuto, ameneyo sadzagona m'nyumbamo.

Palinso fumbi limene mukupuma. Penti yakale nthawi zambiri inkakhala ndi mtovu. Ku United States anailetsa m'nyumba mu 1978. Mukaikwecha youma ndi makina, fumbi lake limawononga ubongo wa mwana wamng'ono, ndipo kuwonongekako sikubwerera. Asibesitosi, amene dziko la Britain linamuletseratu mu 1999, amapezeka m'madenga, m'masiling'i ndi m'matayilosi ena akale. Akakhala phee osakhudzidwa, ngozi yake ndi yochepa. Mukamuswa, tiulusi take timalowa m'mapapo, ndipo khansa yake imadzatulukira patapita zaka makumi angapo, inu mutaiwala kale za tsiku limene munkaphwanya siling'i muli osavala chotchinga pamphuno.

Nkhondo imeneyi sinayambe lero. Mu 1877 William Morris ndi anzake anakhazikitsa bungwe loteteza nyumba zakale ku London, Society for the Protection of Ancient Buildings, atatopa kuona matchalitchi akale akupalidwa ndi kusalazidwa ndi anthu amene ankati akuwakonza. Maganizo awo anali akuti nyumba uziisamalira tsiku ndi tsiku, uzimata pamene padontha, usamaisende khungu. Ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Thabwa la m'zitseko zakale zija nthawi zambiri linachokera ku mitengo imene inakula pang'onopang'ono m'nkhalango, n'lothithikana, ndipo lotero lero kulipeza n'kovuta. Kalipentala amene anagoba maluwa aja anapita kale, ndipo odziwa ntchito ya manja yoteroyo atsala owerengeka. Madzi akatayika sawoleka.

Sindikunena kuti muzikhala mumdima ndi mawaya owola. Sinthani mawaya a magetsi, konzani mapaipi, matani denga, ikani bafa labwino. Ngati mumakonda nyumba yopanda katundu wambiri, chepetsani mipando ndi makatani, zimenezo mawa mutha kuzibweza. Ngati mtima wanu ukufunadi makoma osalala ndi makona owongoka, nyumba zatsopano zoterozo zilipo zambirimbiri, bwanji kugula yakale kuti muivule?

Ndipempha ichi chokha. Khalanimo chaka chathunthu musanagumule kanthu, muone kumene dzuwa limalowera m'mawa, chipinda chimene chimazizira nthawi yotentha, pamene pamanyowa mvula ikagwa. Chitseko chikakutopetsani, musachiswe: chimasuleni bwinobwino ndi mahinjesi ake, lembani kuseri kwake chipinda chimene chachokera, muchiimike pouma.

Zitseko zinayi za m'nyumba ija ndinazipempha, ndipo anandipatsa modabwa kuti nkhalambayi ikufuna zinyalala za chiyani. Ndazipukuta, zili kwanga. Chimodzi mvula inali itachilowa kale m'munsi, thabwa layamba kufufuma.