Wopanga asamadzipatse yekha malikisi

Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp achimwene ena alemba kuti akatswiri a mayiko osiyanasiyana akamasonkhana kuti afufuze ngati mapulogalamu a kompyuta oyendetsa ndege, sitima ndi makina a m'chipatala ali otetezeka, n'kungodya ma alawansi basi. Akuti kampani yopanga imachidziwa kale chinthu chake. Ndapsa mtima mpaka lero.

Imachidziwa? Boeing, kampani ya ku America yopanga ndege, sinkaidziwa ndege yake ya 737 MAX? Pa 29 October 2018 ndege ya mtundu umenewu ya kampani ya Lion Air inagwera m'nyanja ku Indonesia ku Indonesia, anthu 189 n'kufa. Miyezi isanu isanathe, pa 10 March 2019, ina ya mtundu womwewo ya Ethiopian Airlines yochoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi inagwa patangopita mphindi zochepa itanyamuka, anthu 157 n'kuthera pomwepo. Miyoyo 346, achimwene! Ndipo Addis yomweyo ndi pomwe ambiri a ife timasinthira ndege tikamapita kunja.

Chinapha anthuwa ndi kapulogalamu kotchedwa MCAS, komwe kankakankhira mphuno ya ndege pansi chifukwa chokhulupirira sensa (kachipangizo koyeza m'mene mphuno ya ndege yalozera pa mphepo) imodzi yokha. Imodzi! Sensayo ikanama, kompyuta imanama nayo, woyendetsa n'kumalimbana ndi ndege yake yomwe. A Boeing anali pa mpikisano ndi Airbus, kampani ya ku Ulaya yopanga ndege, ankathamangira msika. Ndipo bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linali litasiya mbali ina ya ntchito yoyesa ndegeyo m'manja mwa antchito a Boeing omwewo. Mwana wa sukulu kulemba mayeso, kudzichongera yekha, kudzipatsa malikisi yekha, inu n'kumawomba m'manja.

Mutu umodzi susenza denga. Pulogalamu ikalakwa pa foni mumangozimitsa n'kuyatsanso. Ikalakwa m'ndege mulibe kozimitsira. N'chifukwa chake pamafunika maso a anthu ena, a dziko lina, osalandira malipiro kwa wopangayo, oti akhale pansi n'kufunsa kuti sensa ikafa chichitike n'chiyani. Mabokosi ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege ya ku Ethiopia anakawawerengera ku France. China ndiyo inayamba kuimitsa ndege za 737 MAX, America n'kutsatira pa 13 March. A ku Ulaya, bungwe lawo loyang'anira za ndege la EASA, anakana kungomvera za FAA, anayesa okha, n'kudzailola kuulukanso mu January 2021 pomwe America inali italola kale mu November 2020. Amenewo ndiye ma alawansi mukunenawo?

Wopanga asamadziyese yekha. Ndabwereza dala.

Koma china chimandiwawa. Gulu la akatswiri lomwe linaunika m'mene ndegeyi inavomerezedwera mu 2019 linali ndi a ku Brazil, Canada, China, Japan, Singapore, Indonesia ndi ena. Wa ku Africa kunalibe, chonsecho ndege inagwera pa nthaka ya Africa. Ife ntchito yathu n'kugula matikiti ndi kumanga malamba basi?