Ojambula makatuni athu asamadikire chipepeso

Mu Disembala 2021 George Pérez, wojambula makomiki wa ku America, analemba pa Facebook kuti madokotala amupeza ndi khansa ya kapamba yoti opaleshoni siingathekenso, ndipo amuuza kuti watsala ndi miyezi 6 mwina chaka basi. Amene simutsata makomiki dzinali mwina ndi lachilendo koma ntchito yake munaionapo ndithu, mafilimu a Avengers aja amene Thanos akusakasaka miyala yoika pa gulovu yake nkhani yake inachokera mu komiki ya 1991 ya Infinity Gauntlet, ndipo zigawo zoyambirira anajambula ndi mkulu ameneyu. Ndi yemweyonso anajambula New Teen Titans kuyambira 1980, Crisis on Infinite Earths mu 1985, n'kudzamudzutsanso Wonder Woman mu 1987 anthu atayamba kumuiwala. Ankadziwika ndi kudzaza anthu ambirimbiri pa tsamba limodzi koma aliyense nkhope yakeyake, palibe wofanana ndi mnzake. Ntchito anali atasiya kale mu 2019 chifukwa shuga inali itamuonongera maso ndipo mtima nawo unkavuta.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yake ndi zimene zinachitika pa miyezi ya pakati pa uthengawo ndi imfa yake pa 6 Meyi 2022. Iye anakana kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, anati masiku otsalawo akufuna akhale ndi mkazi wake, abale, anzake ndi anthu okonda zojambula zake, ndipo anthuwo sanadikire kuti amve zoti watisiya. Mauthenga anakhamukira, ojambula anzake anasonkhana n'kumujambulira chithunzi chachikulu cha anthu a m'makomiki ake, ndipo DC ndi Marvel, makampani awiri opikisana kwambiri, anavomera kuti buku lake la JLA/Avengers limene linali litasowa pamsika kwa zaka zambiri lisindikizidwenso. Anasindikiza makope 7,000 kudzera ku bungwe la Hero Initiative, ndipo zonsezi anaziona ndi maso ake akadali moyo. Anamwalira ali ndi zaka 67 akudziwa kuti anthu amamukonda.

Bungwe limenelo la Hero Initiative linayamba mu 2000 ndipo ntchito yake ndi imodzi, kuthandiza olemba ndi ojambula makomiki amene akalamba kapena adwala, ndalama ya chipatala, ya lendi, ya chakudya. Pérez mwini wake anali m'gulu la atsogoleri ake, ankajambula zithunzi pa misonkhano ya okonda makomiki ndalama n'kumapita kwa anzake ovutika. Musaganize kuti ku America ojambula onse ndi mabwana ayi, ambiri ankalipidwa pa tsamba, ukajambula walandira, ukadwala palibe chako, penshoni palibe, inshuwalansi palibe, ndipo munthu wa m'komiki amene wamupanga ndi dzanja lako ndi wa kampani. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anapanga Superman, anamugulitsa pa madola 130 okha mu 1938. Kampani inapha makwacha osaneneka pomwe Shuster maso akufa, akugwira ganyu yoperekera katundu. Mpaka mu 1975 pamene ojambula anzawo monga Neal Adams anachita phokoso ndi pomwe kampani inavomera kumawapatsa madola 20,000 pa chaka aliyense ndi kubwezeretsa maina awo pa Superman.

Ndiye ngati kumeneko kumene makomiki ndi bizinesi ya mabiliyoni zinthu zinali choncho, nanga kuno kwathu?

Ife a mu Blantyre amene tinakula nyuzi ikadali nyuzi tikudziwa mmene zinkakhalira Loweruka, bambo akabwera nayo kuchokera mtauni iwo amatenga tsamba la ndale ndi la mpira, ana tonse kulimbirana tsamba la katuni. Pewani wa a Brian Hara, Joza wa a Vic Kasinja, kenako Amtchona wa a James Kazembe, ena a ife kuwerenga tinakuzolowera pamenepo tisanayambe n'komwe kukonda mabuku a kusukulu. Ngakhale nyuzi ikafika pokulungira tchipisi kapena zitumbuwa pa Ndirande umayamba wayang'ana kaye ngati pepala lakelo lili ndi katuni, mafuta ali nyezinyezi koma iwe ukuwerengabe. Ndipo si anthu a m'nyuzi okha, ganizirani amene anajambula zithunzi za m'mabuku athu a pulayimale, mapositala a katemera ndi a kolera m'zipatala, timabuku ta Edzi tija tinkagawidwa m'masukulu, magazini ngati Moni ya ku Limbe. Zithunzizo tikuzikumbukira mpaka lero koma ndi angati mwa ife amene angatchule dzina la amene anazijambula, kapena kunena kumene ali pano ndi mmene akupezera?

Pali mdala wina amene ndimamudziwa, dzina sinditchula chifukwa sanandipatse chilolezo. Nthawi ya matipate ambiri itangoyamba, cha mu 1993 ndi 1994 pamene nyuzi zinkangophuka paliponse, iwo ankajambulira zingapo, malipiro ake a pa katuni pa katuni, nthawi zina kuuzidwa kuti bwerani mawa mpaka nyuziyo kutsekedwa ndalama osalandira. Kenako anakhala akulemba zikwangwani za magolosale, za mabarbershop, maina pa maminibasi, mpaka makina osindikiza mabanala anabwera n'kuwalanda nayonso. Pano ali ndi shuga ndi BP, diso limodzi linachita ng'ala. Ndinawapeza atakhala pakhonde thabwa lili pamiyendo, pepala alibweretsa pafupi ndi mphuno, bolopeni yakuda ili m'manja, ndipo dzanja limanjenjemera likakhala m'mwamba koma likangogunda pepala mzere umatuluka woongoka bwinobwino. Anandijambula nkhope mphindi zochepa chabe, mpaka kampata ka m'mano kanga anakaika. Kenako anatuma mdzukulu kuti akatenge jumbo pansi pa bedi, mmenemo muli ntchito yawo ya zaka zonsezo, mapepala achita chikasu, ena chiswe chinadya m'mbali, ena mvula ya Freddy inawanyowetsa inki n'kuyenderera, pena pali tipeksi pamene ankakonza mawu. Ndinafunsa ngati pali amene anabwerapo kudzafuna kugula, anangoti "adzagule ndani mwanawe, izi ndi zoyatsira mbaula ndikadzapita."

Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, chifukwa ndikudziwa mmene timachitira. Tsiku limene mdala ngati ameneyu adzatsikire kulichete Facebook yonse idzadzaza ndi zithunzi zake, aliyense katswiri wapita, dziko lataya, mzimu wake uuse mumtendere, akuluakulu adzabwera ndi maenvelopu ndi nkhata zodula, bokosi labwino lidzapezeka tsiku lomwelo, basi yonyamula anthu kupita kumudzi idzapezeka. Ndalama ya chipepeso imene timasonkha pa masiku awiri ikanakwana mankhwala a shuga a chaka chonse kuphatikizapo thiransipoti yopita ku Queens kukaonetsa diso. Sindikunyoza mwambo wa maliro ayi, kulirana ndi chinthu chabwino chimene tili nacho ndipo tisachitaye. Koma ndalama yomweyo, anthu omwewo, mtima womwewo, bwanji zimavuta kutuluka munthu akadali pakhonde akupuma?

Ndipo musandiuze kuti Amalawi sitingathe chifukwa tinaonetsa kale kuti timatha. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi a Giddes Chalamanda n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale, anthu anasonkha, ndipo chakumapeto kwa 2021 Linny Hoo inafalikira pa TikTok dziko lonse lapansi, agogo a ku Chiradzulu a zaka zoposa 90 n'kumva okha ndi makutu awo kuti akuimbidwa kunja. Namadingo yemweyo anasonkhetsapo ndalama zothandiza wodi ya ana odwala khansa ku Queens. Mu Januwale 2021 Covid itavuta, a Onjezani Kenani anangolemba pa Facebook ndipo anthu wamba, ena ali kunja ena ali konkuno, anaponya kangachepe mpaka zipangizo za oxygen zinagulidwa n'kukafika m'zipatala, ndipo chimene chinapangitsa anthu kupitiriza kupereka n'choti ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka inkaonetsedwa poyera. Ndiye luso losonkha tili nalo, Airtel Money ndi Mpamba zili m'foni mwathu. Vuto ndi loti woimba timamuona nkhope pa siteji ndi pa TV, pomwe wojambula amabisala kuseri kwa katuni yake, kasiginecha kake kali pakona kakang'ono koti sitinkakawerenga n'komwe.

Ena anena kuti imeneyo ndi ntchito ya boma ndi mabungwe, ndipo ndikuvomereza kuti ali ndi mbali yawo. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza zojambula osati nyimbo zokha, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso la Cosoma lilipo, ndipo achinyamata amene mukujambula pano pa matabuleti chonde lembetsani ntchito zanu ndipo muziwerenga kontirakiti musanasaine, mudziwe ngati mukugulitsa chithunzi chimodzi kapena mukugulitsa munthu wanu wa m'katuni yense mpaka kalekale. Koma matenda sadikira bajeti. Khansa makamaka ndi yodula zedi, kwa zaka zambiri wofunika radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi makina, amayenera kupita ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, pano zinthu zayamba kusintha chifukwa chipatala cha khansa chinatsegulidwa ku Nyambadwe mu 2024 ndipo china chili ku Lilongwe, komabe ngakhale chithandizo chikhale chaulere pali thiransipoti, pali chakudya cha wodwala ndi womudikirira, pali lendi imene siima chifukwa bambo agonekedwa. Munthu amene moyo wake wonse amadya za m'manja, tsiku limene dzanja laima ndi tsiku limene pakhomo pazima moto.

Chinthu china chimene sindigwirizana nacho ndi mmene timapemphera thandizo. Kumujambula munthu ali pabedi, wawonda, machubu ali m'mphuno, n'kumamwaza chithunzicho m'magulupu onse a WhatsApp ndi nambala ya foni pansi. Ndikumvetsa kuti achibale amachita zimenezi atathedwa nzeru, koma munthu amene anatisangalatsa zaka 30 sakuyenera kutsanzikana nafe ngati wopemphetsa. Okonda ntchito za Pérez anagula buku lake, analipira luso lake, ndipo ine ndikuona kuti njira ndi imeneyo. Mdala wa jumbo uja ali ndi katundu wogulitsa. Zithunzi zimenezo zitajambulidwa bwino pa sikana, n'kusankhidwa, n'kusindikizidwa kabuku ngakhale ka masamba 60, ine ndikhoza kugula ndipo ndikudziwa anzanga ambiri a ku Joni ndi ku UK amene angalipire kawiri kuti ana awo aone zimene ife tinkaseka nazo. Zoyambirira zenizenizo, zija za tipeksi, zikhoza kuikidwa m'mafelemu n'kuonetsedwa ku Jacaranda Cultural Centre kapena ku Museum ku Chichiri, pakhomo tilipire, mwini wake akhale pampando pomwepo azisainira anthu, ana a sukulu amufunse mafunso. Mabanki ndi makampani amene amakongoletsa maofesi ndi zithunzi zogula kunja agule zimenezi. Zimene zinatayika zikhoza kufufuzidwa m'nyuzi zakale ku National Archives ku Zomba, bola kukambirana bwino ndi eni nyuzizo za umwini wake.

Koma zonsezi ziyambe ndi kumufunsa mwini wake. Ena safuna kuti matenda awo adziwike ndipo ndi ufulu wawo, mukhoza kugulitsa buku osatchula n'komwe kuti akudwala. Ndalama isadutse m'manja mwa anthu ambiri, ipite ku akaunti yake kapena ya amene iye wasankha, ndipo lipoti lizituluka poyera, chifukwa tonse tinamvapo za zopereka zimene zinathera m'njira ndipo kamodzi kokha zikachitika anthu amatseka m'thumba kwa zaka. Komanso tisamangodzuka pamene munthu wafika pa kayakaya. Gulu la anthu 200 loponya K2,000 aliyense pa mwezi ndi K400,000 mwezi uliwonse, ndalama yoti ikhoza kugulira mankhwala madala angapo osadikira kuti wina agwe kaye, ndipo K2,000 ambiri a ife timaimaliza pa bandulo osaimva n'komwe.

Ndipo si ndalama zokha. Mdala uja nditanyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu ngakhale miyendo ikuvuta, njira yonse akundifotokozera mmene ankathamangira ndi katuni wapansi kuti akapereke nyuzi isanapite ku makina, ndipo ndinaona kuti chimene anasowa kwa nthawi yaitali ndi munthu womufunsa za ntchito yake. Inu amene munagwirapo ntchito m'manyuzi pa Ginnery Corner, amene munali kosindikiza mabuku ku Limbe, aphunzitsi a zojambula, mukudziwa kumene anthu amenewa akukhala, ena ali ku Bangwe, ena ku Chilomoni, ena anabwerera kumudzi. Tiuzaneni mwaulemu kumbali, tipite tikawaone kaye, tikamve okha chimene akufuna. Ine sikana ndili nayo ndipo Loweruka ndimakhala ndilibe zochita, amene ali ndi luso lokonza masamba a buku komanso amene amadziwa mitengo ya kosindikiza andipeze tiyambe ndi jumbo imodzi imeneyi mvula isanayambe.