Akuti ndi za osowa chochita, koma ine ndimaonamo kwathu

Dzulo madzulo ndikuchokera ku Limbe, m'minibasi munali atsikana awiri amene amakangana za filimu ya Jane the Virgin, wina ali mbali ya Michael, mnzake ali mbali ya Rafael, amuna awiri amene amalimbirana Jane mufilimuyo. Bambo wina kumpando wakumbuyo anawadula pakamwa n'kunena kuti zimenezo ndi za anthu osowa chochita. Atsikana aja anangoti zii. Inenso sindinayankhe, koma mawuwo andikhala pamtima usiku wonse.

Pena bamboyo sananame. Nkhani yake ndi yovuta kuikhulupirira. Jane Villanueva, mtsikana wa zaka 23 wa ku Miami, amene analonjeza agogo ake kuti sadzadziwa mwamuna kufikira tsiku la ukwati, wapita kuchipatala kukangopimidwa, dokotala n'kusokoneza odwala, n'kumuika mbewu ya mwamuna imene amayenera kulandira mayi wina. Basi, pathupi. Ndipo mwini mbewuyo ndi mwininso wa hotela imene Jane amagwirako ntchito yoperekera zakudya. Kutsogoloku kukubwera mapasa obisika, chigawenga chosintha nkhope, ngakhale munthu amene tinamulira maliro n'kutulukira ali moyo. Mafilimu a mtundu wa telenovela, amene ndi a magawomagawo a ku Latin America, amayenda choncho, ndipo iyi inatengedwa ku ina ya ku Venezuela ya mu 2002 yotchedwa Juana la virgen. Ya ku America inayamba mu 2014 n'kutha mu 2019, ili ndi magawo 100.

Koma nanga nthano zimene tinakulira nazo zinali zotheka? Kalulu ankayankhula, fisi ankafunsira mbeta, ndipo sindikumbukira mwana aliyense ataimirira pamoto paja kunena kuti agogo mukunama. Tinkangovomera kuti tili tonse, chifukwa tinkadziwa kuti m'kati mwa bodzalo muli khalidwe la munthu weniweni wa m'mudzi momwemo. Filimuyi ilinso ndi wofotokoza nkhani amene samaoneka, amangomveka mawu, akukukumbutsa pamene unasiyira, nthawi zina akudabwa nawe limodzi. Tsiku loyamba kumumva ndinangoti uyu ndi wotamba nthano.

Chimene chinandigwira ine si amuna awiri aja ayi. Ndi nyumba ija. Mumakhala akazi atatu: agogo Alba, mwana wawo Xiomara amene anabereka ali ndi zaka 16 n'kulera yekha, ndi Jane. Bambo ake a Jane akudzatulukira mwana atakula kale, ali otchuka, akufuna ulemu wa ubambo umene sanauvutikire. Ndi nyumba zingati mu Ndirande muno, ku Bangwe, ku Chilomoni, zimene zaima pa msana wa agogo ndi mayi mwanjira yomweyi? Ine ndinakulira m'nyumba yotero. Akazi atatuwa akayambana amakathera pakhonde, kukhala pampando umodzi, kulira, kenako kuseka. Ifenso milandu yathu inkathera pakhonde, tikusadzula masamba.

Ndiye pali chiyankhulo. Alba amayankhula Chisipanishi, Jane amamuyankha m'Chingerezi, ndipo amamvana bwinobwino. Agogo anga ankatiyankhula m'Chiyao ife tikuyankha m'Chichewa. Lero ndikamuyankhula mwana wanga m'Chichewa amandibwezera m'Chingerezi cha kusukulu. Ndinali ndisanaonepo chinthu chimenechi pa TV, ndipo nditachiona chinandipweteka mtima, chifukwa Chiyao cha agogo chinathera pa ine.

Alba yemweyo wakhala ku America zaka zambiri opanda mapepala. Atavulala n'kugonekedwa m'chipatala, banja linagwidwa ndi mantha awiri, a matenda ndi oti amubweza kwawo. Aliyense amene ali ndi mlongo kapena mwana ku Johannesburg wopanda ziphaso akudziwa mmene mtima umadumphira foni ikalira usiku. Tsiku limene Alba analumbira kukhala nzika, mayi anga, amene Chingerezi amachimva patalipatali ndipo ndimachita kuwamasulira, anaombera m'manja ali pamkeka.

Si zonse zimene ndimagwirizana nazo. Pali pamene Alba anapatsa Jane duwa loyera ali kamwana, n'kumuuza kuti alifinye, kenako alibwezere mmene linalili. Litakanika, anamuuza kuti unamwali ndi chimodzimodzi. Malangizo otere ife tinawamva, m'mawu ena, kwa anamkungwi ndi kutchalitchi. Cholinga n'chabwino, koma mantha amene amatsala mwa mtsikana sachoka ngakhale atalowa m'banja, ndipo filimuyi ikuonetsa Jane akuvutika nawo popanda kunyoza agogo ake kapena chikhulupiriro chawo. Ine ndinaganiza kawiri za mmene ndidzayankhulire ndi mwana wanga wamkazi.

Za chikondi ndi nthabwala zilimo zambiri, ndipo sindichita nazo manyazi. Munthu wachoka m'mamawa, wapanikizana m'minibasi, wawerengera ndalama ya ndiwo ndi ya makala, akafika kunyumba magetsi alipo, ali ndi ufulu woseka ndi kufunira zabwino anthu awiri okondana. Amene amakhala maola awiri akukuwira Bullets kapena Manoma palibe amawauza kuti asowa chochita. Gina Rodriguez, amene amasewera ngati Jane, analandira mphoto ya Golden Globe mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo ndimaona kuti inamuyenera: amakuseketsa ndi kukuliza m'mphindi imodzi.

Panopa tikuibwereza ndi mayi, tafika pamene Xiomara wapezeka ndi khansa ya m'mawere. Usiku wapitawu mayi anandiuza kuti ndiimitse kaye, n'kundifunsa ngati ine ndinapitako kukapimitsa. Ndinawauza zoona, kuti ayi. Tagwirizana kuti Lachisanu tipita limodzi.