Maganizo anga: prom ya ana athu idikire kaye

Ndikugwirizana ndi komiti ya makolo yomwe yaimitsa prom (usiku wovina wa ana omaliza sekondale) ya ana athu ophunzirira kunyumba chifukwa cha mliri wa COVID-19. Mwambowu umayenera kuchitika kumapeto kwa mwezi uno wa Epulo 2021. Ndasankha kunena izi poyera chifukwa chilengezereni nkhaniyi pagulu lathu la Facebook sipakukhalika, ndipo amayi omwe adadzipereka kuyendetsa mwambowu akunyozedwa ngati adya ndalama za chipepeso. Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi mwa omwe amayembekezera kupita. Akumaliza giredi 12 chaka chino, diresi adasankha kale, ndipo nkhaniyi yamupweteka kwambiri. Choncho musandione ngati munthu woyankhulira patali. Misozi imeneyi ilinso m'nyumba mwanga.

Abale anga akumudzi amene mumawerenga zolemba zanga, ndikufotokozereni kaye pang'ono. Kuno ku America, ana akamayandikira kumaliza sekondale amakhala ndi usiku wawo wovina, kawirikawiri mu Epulo kapena Meyi. Atsikana amavala madiresi aatali, anyamata masuti, amajambulitsa pakhonde makolo ataunjikana ndi mafoni, amakadya limodzi kenako n'kukavina mu holo mpaka usiku. Ana ambiri amayamba kuulakalaka usiku umenewu adakali aang'ono. Kusukulu za boma, sukulu ndiyo imakonza zonse. Ife amene ana athu amaphunzirira kunyumba tilibe sukulu yotikonzera, ndiye makolo timasonkha ndalama, kubwereka holo, kupeza woimbitsa nyimbo, kukongoletsa tokha, ndi kuima pakhomo kuyang'anira. Palibe amalipidwa. Ndi ntchito ya chikondi basi.

Ndipo chaka chino gulu lathu lakula kuposa kale. Mliri usadabwere, ana ophunzirira kunyumba m'dziko muno adali pafupifupi atatu mwa 100 aliwonse. Kafukufuku wa Census Bureau, bungwe la boma lowerenga anthu, adapeza kuti mabanja ophunzitsa ana kunyumba adachoka pa 5.4 peresenti chakumayambiriro kwa mliri kufika pa 11.1 peresenti cha mu Okutobala 2020. Izi taziona ndi maso. Mayina atsopano achuluka, mabanja ochokera m'matauni osiyanasiyana, ena sitinawaonepo n'komwe maso ndi maso. Prom yathu si ana a kalasi imodzi omwe amakhala limodzi tsiku ndi tsiku. Ndi makomo ambirimbiri omwe chaka chonsechi sadakumane, kubwera kudzapumira mpweya umodzi m'chipinda chotseka kwa maola angapo.

Tiyeni tiuone usikuwo mmene umakhalira. Nyimbo zimakhala pamwamba, ndiye kuti mnzako akumve umayenera kumukuwira pafupi ndi khutu. Nyimbo yokondedwa ikalowa, onse amaimba limodzi mokweza. Amavina, amatuluka thukuta, amapuma mofulumira, amakumbatirana. Pali kudya ndi kumwa, kutanthauza kuti masiki ali pachibwano kapena m'thumba. Kachilombo ka COVID-19 kamayenda mumpweya, ndipo zonse ndatchulazi ndi zomwe zimakathandiza kuyenda. Ena akuti tingolamula masiki ndi kutalikirana. Amayi anzanga, ndani mwa ife angayende pakati pa ana a zaka 17 akuvina n'kumawalekanitsa usiku wonse? Ndipo atatero, kodi chotsalacho anawo angachikonde?

Pa 10 Malichi 2020, kwaya ina ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington idakumana kuphunzira nyimbo kwa maola awiri ndi theka. Adali anthu 61, mmodzi akumva ngati chimfine. Mapeto ake anthu 53 adadwala, awiri adamwalira. Ndikudziwa yankho lake: ambiri mwa iwo adali achikulire, ana athu ndi achinyamata amphamvu. Zoona. Achinyamata ambiri akatenga matendawa amachira bwinobwino, ena osadziwa n'komwe kuti adali nawo. Sindikutsutsa. Koma nkhawa yanga yaikulu siili pa mwana amene akuvina. Ili pa amene akumudikira kunyumba.

Apa ndiye ndikufuna mundimvetsere bwino. Pa 7 Ogasiti 2020 kudachitika ukwati kudera la Millinocket m'chigawo cha Maine. Pamadyerero padali anthu 55 okha. A CDC, bungwe la boma loona za matenda, atalondola mmene matenda adayendera kuchokera pamenepo adapeza anthu 177 odwala ndi 7 omwalira. Mwa asanu ndi awiriwo palibe ngakhale mmodzi adapita ku ukwatiwo. Ambiri adali agogo a kumalo osamalirako okalamba omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 160 kuchokera pomwe anthu adavinira. Matendawo adawafikira kudzera mwa wogwira ntchito kumeneko, ndipo adalowanso m'ndende ina kutali kwambiri. Agogowo sadaitanidwe, sadadye keke, akwatiwo sadawadziwe. Koma ndiwo adalipira.

Ine ndimagwira ntchito kumalo osamalirako okalamba, monga a Malawi ambiri kuno. Chaka chathachi ndagwirizira foni pafupi ndi nkhope za agogo kuti ana awo atsanzikane nawo pa vidiyo, chifukwa sakadaloledwa kulowa. Ndaona mabedi akutsala opanda anthu. Ndikamva munthu akuti "ndi phwando la usiku umodzi chabe", mtima wanga umathamangira kwa wantchito uja wa ku Maine, amene adapita kuntchito atanyamula matendawa. Akadatha kukhala ine. Ndidalandira katemera, agogo ambiri omwe ndimawasamalira adalandiranso, ndipo ndimayamika Mulungu chifukwa zinthu zasintha kwambiri. Koma m'mabanja a gulu lathuli muli makolo omwe alandira jakisoni woyamba yekha, muli ena sadayambe, muli amayi oyembekezera, abambo a shuga, ana a mphumu. Mabanja ophunzitsa ana kunyumba ambiri ndi aakulu, ndipo amakhala limodzi tsiku lonse, tebulo limodzi m'mawa mpaka madzulo. Matenda akalowa m'nyumba yotere amafala msanga.

Ena akuti katemera wafika, tikuopanji? Wafikadi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti tidikire. Kuno ku Indiana ana a zaka 16 ndi 17 adaloledwa kulembetsa kuyambira pa 31 Malichi 2021, ndipo katemera wololedwa kwa iwo panthawiyo adali wa Pfizer yekha. Amabaya kawiri, pakati pamadutsa milungu itatu, kenako milungu ina iwiri kuti thupi litetezeke mokwanira. Werengerani nokha. Mwana amene adapeza malo tsiku loyambalo adzakhala wokonzeka pa 5 Meyi, prom itadutsa kale. Ndipo ndi ana angati adapeza malo tsiku loyamba? Pamwamba apo, prom za ophunzirira kunyumba nthawi zambiri zimalandiranso ana a zaka 14 ndi 15 kuti holo idzaze, ndipo amenewa adalibe katemera aliyense wololedwa pofika mu Epulo 2021. Tapirira chaka chathunthu, anthu oposa 500,000 adamwalira m'dziko muno pofika mu Febuluwale 2021, ndiye tikagwere pakhomo penipeni chifukwa cha milungu yochepa? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena akuti boma lamasula. Inde, kuyambira pa 6 Epulo 2021 bwanamkubwa wa Indiana panthawiyo, Eric Holcomb, adasintha lamulo la masiki kukhala uphungu chabe. Koma tsiku lotsatira lomwe, mkulu wa CDC adalengeza kuti mtundu wa kachilombo womwe udayamba kupezeka ku Britain, uja umafala msanga, ndiwo udali utachuluka kuposa mitundu yonse ku America. Ingoyang'anani kwa anansi athu ku Michigan. Odwala adakwera kwambiri mu Epulo 2021, zipatala zidalandira anthu ocheperako msinkhu kusiyana ndi mu 2020, ndipo matenda ambiri adabuka m'masukulu ndi m'matimu amasewera a achinyamata. Ena mwa ana athu a prom amachokera kutsidya kwa malire komweko. Boma likasiya kulamula, ndiye kuti udindo wabwera m'manja mwathu makolo, ndipo komiti yaunyamula.

Ndamvanso kuti sukulu zina za boma zichititsa prom zawo, nanga ife tachimwanji. Sukulu ili ndi namwino, ili ndi kaundula wa ana onse ndi manambala a makolo, imagwira ntchito ndi a zaumoyo kulondola amene akhudzana ndi wodwala, ndipo ili ndi mphamvu youza mwana kuti akhale kunyumba. Ife tili ndi amayi ochepa ndi pepala lolembapo mayina. Mwana akabwera akukhosomola, makolo ake atalipira kale tiketi, ndani amubweze pakhomo? Zikavuta, ndani aimbire foni makomo onse aja? Ndani akayankhe? Ndi amayi omwewa mukuwanyozawa.

Mfundo yomwe ndaiganizira nthawi yaitali ndi iyi ya ufulu. Ambiri akuti amene akuopa akhale kunyumba, ofuna apite, banja lililonse lisankhe lokha. Ndimailemekeza mfundo imeneyi, chifukwa inenso ndidayamba kuphunzitsa mwana kunyumba pokhulupirira kuti kholo ndilo limadziwa chomuyenera mwana wake. Koma pali kusiyana. Ndikasankhira mwana wanga buku la masamu, zotsatira zake zimathera pakhomo panga. Matenda opatsirana sathera pakhomo. Mwana amene wavina Loweruka, Lamulungu ali kutchalitchi pafupi ndi agogo a mwini, Lolemba akugulitsa mu shopu kapena kulera ana a mnansi. Anthu amenewo sadafunsidwe. Komanso taganizirani mtsikana amene bambo ake akulandira mankhwala a khansa. Tikati asankhe yekha, tamusenzetsa katundu woti asankhe pakati pa anzake ndi bambo ake, ndipo usikuwo akhale pabedi akuona zithunzi za anzake pa Instagram. Ine ndikuona kuti n'kwabwino tonse tidikire limodzi kusiyana n'kusiya ana ochepa otere adikire okha. Ndipo amayi a komiti nawonso ali ndi ufulu wokana kuika mayina awo pa chinthu chomwe chikumbumtima chawo chikukana.

Tsopano kwa anzanga omwe tikugwirizana pa kuimitsaku, nanunso ndili ndi mawu. Siyani kuuza ana kuti "ndi dansi chabe, ena akumwalira". Mawu amenewa amabaya. Ana awa adataya prom ya chaka chatha ali giredi 11, adataya kwaya, masewera, misasa ya achinyamata, maulendo. Mwana wophunzirira kunyumba amakhala ndi mipata yochepa yokhala pagulu lalikulu la amsinkhu wake, ndiye usiku umodziwu umalemera kwambiri kwa iye kuposa mmene akuluakulu timaganizira. Zaka 18 sizibwera kawiri. Mwana wanga atalira sindidamudzudzule. Ndidakhala naye pansi, ndidamuuza kuti ali ndi chifukwa cholirira, kenako ndidamufotokozera za agogo a ku Maine aja. Sadasiye kukhumudwa, koma adamva.

Ife ochokera ku Malawi timadziwa kuti si ana a kuno okha omwe mliriwu wawalanda zawo. Adzukulu athu a Fomu 4 adatsekeredwa sukulu pa 23 Malichi 2020, adakhala miyezi kunyumba, adayamba mayeso a MSCE omwe adathetsedwa mu Novembala atabedwa, n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Januwale yemweyo tidataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo ambiri a ife kuno tidalira maliro a abale athu pa WhatsApp, osatha kuponya dothi pamanda. Sindikunena izi kuti ndichepetse chisoni cha ana athu. Ndikunena kuti mumvetse chifukwa chake ena a ife sitingathe kuiona nkhani ya matendawa mopepuka.

Pempho langa kwa komiti ndi loti mawu akhale "tasuntha", asakhale "tathetsa". Kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi kunja kumakhala kotentha, dzuwa limalowa mochedwa, ndipo ana a zaka 16 kupita m'tsogolo adzakhala atamaliza katemera ngati makolo tiwalembetsa panopa. Mabanja ena m'gulu mwathu ali ndi minda ndi mabwalo aakulu, ndipo m'mapaki muli zisakasa zobwereketsa pamtengo wotsika kuposa holo. Tenti yotsegula m'mbali, magetsi okoleka m'mitengo, chakudya chopakira aliyense m'kabokosi kake, nyimbo zomwezo, madiresi omwewo. Omaliza giredi 12 aitanidwe ngakhale adzakhala atalandira kale masatifiketi awo, ndipo omwe adamaliza chaka chatha osavina aitanidwenso. Anawo alowe nawo m'komiti, asankhe okha nyimbo ndi zokongoletsa.

Pa za ndalama, komiti itulutse poyera zomwe zidalowa, zomwe zidapita ku dipoziti ya holo, ndi zomwe zibwezedwe. Mkwiyo wina womwe ndikuuona pagulupa ukuchokera pamenepa, chifukwa mabanja ena adadzimana kuti agule tiketi ndi zovala. Amene akufuna ndalama zake abwezeredwe popanda kumufunsa mafunso, amene angathe azisiye zigwire ntchito pa mwambo wa panjawo.

Ine ndalembetsa kale kuti ndidzathandiza kuphika ndi kuyang'anira, ndipo mwana wanga ali ndi tsiku lake lokabayitsa katemera wachiwiri. Amene muli ndi bwalo lalikulu kapena mukudziwa kobwereka tenti, ndilembereni ku inbox kuti tikafike ku msonkhano wa makolo wa pa Zoom tili ndi malo ndi tsiku loti tiwauze anawa.