Maganizo anga: zojambula za ku Chongoni ndi funso lakuti anazipanga ndani

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mukuyenda timavidiyo tonena kuti mapiramidi a ku Egypt sanamangidwe ndi anthu koma ndi zolengedwa zochokera kunja kwa dziko lapansi, ndipo ena mwa amene akutifalitsa ndi anthu ophunzira bwino, oti sungawanamize ngakhale pa mtengo wa thumba la feteleza. Ine ndimakhala m'boma la Dedza, kumene kuli mapanga a Chongoni, ndipo ndikuona kuti nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene ambiri tikuganizira. Maganizo anga ndi akuti funso lakuti "anapanga zimenezi ndani" liyenera kuyankhidwa ndi umboni wotuluka m'nthaka, ngakhale umboniwo usatikomere, chifukwa paliponse pamene funsoli layankhidwa ndi kunyada kapena kunyoza, pakhala mtundu wa anthu umene walandidwa ntchito ya manja ake.

Za mapiramidi sizifuna mawu ambiri. M'chaka cha 1990 ku Giza kunapezeka manda a anthu amene ankagwira ntchito yomanga, ndipo chapafupi akatswiri anafukula mudzi wawo, wokhala ndi malo ophikira buledi ndi milu ya mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimene ankadya. Mu 2013 gulu la Pierre Tallet linapeza ku Wadi al-Jarf, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, zolemba za kapitawo wina dzina lake Merer, amene ankalemba tsiku ndi tsiku za maulendo a ngalawa zotuta miyala ku Tura kupita nayo ku Giza m'nthawi ya mfumu Khufu, zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Omangawo anasiya manda awo, zotsala za chakudya chawo ndi kaundula wa ntchito yawo.

Nkhani yondiwawa kwambiri ili kwa anansi athu. Mpanda wamiyala wa Great Zimbabwe, umene m'malo ena ndi wautali mamita 11 kupita m'mwamba ndipo unasanjidwa popanda matope kapena simenti, unamangidwa ndi makolo a Ashona pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1450. Koma Mjeremani wina, Karl Mauch, atafika pamalopo mu 1871 anati wapeza nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba ya m'Baibulo, ndipo atsamunda analikonda bodza limeneli popeza linkawapatsa chifukwa chonenera kuti dzikolo silinali la anthu akuda chiyambire. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowo mu 1902, anakumba ndi kutaya dothi lambiri lokhala ndi mapale ndi phulusa la eni ake, poganiza kuti ndi zinyalala zobisa chuma cha alendo chimene chili pansi. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula mosamala, nsanjo ndi nsanjo ya dothi, ndipo onse awiri anapeza kuti amene anamanga ndi kukhala pamalopo anali anthu a mu Africa. Komabe boma la Azungu la Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, linapitiriza kukakamiza mabuku a alendo kuti azinena zokayikitsa, mpaka katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunama. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku phiri la Brandberg ku Namibia, kumene wansembe wa ku France, Henri Breuil, anaona chithunzi cha pathanthwe nati ndi mkazi wachizungu wochokera kumayiko a ku Mediterranean, pamene ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti ndi mwamuna, wojambulidwa ndi alenje a komweko.

Tikamva zimenezi magazi amawira, ndipo n'zomveka. Koma tiyeni tibwere kwathu, chifukwa pano ndi pamene ndikusiyana ndi anzanga ena.

Dera la Chongoni linalembedwa ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, mu 2006 pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo lili ndi malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, kuphatikizapo Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze. Aliyense amene wafikako amadziwa kuti zojambulazo zili mitundu iwiri. Pali zoyera, zopakidwa ndi chala, zoonetsa nyama zotambasula miyendo ngati chikopa choyanikidwa, ndi zina zoonetsa zilombo za Nyau monga kasiyamaliro. Zimenezi ndi za Achewa, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Ndiye pali zofiira, zambiri za izo mizere, madontho ndi zozungulira zolowana, zimene kawirikawiri zimakhala pansi pa zoyerazo, kusonyeza kuti ndizo zinayamba. Zofiirazi si zathu ife Achewa. Ndi za Akafula, amene ena amawatchula kuti Abatwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene makolo athu anawapeza m'dziko muno.

Tsono timawakumbukira bwanji anthu amenewa? M'nthano zathu iwo ndi Amwandionerapati, tianthu tatifupi taukali, timene ukakumana nato timafunsa kuti watiwonera pati, ndipo ukayankha kuti pompano timakulasa, koma ukati watiwonera kutali timakondwa n'kukusiya. Ana amaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndamvapo munthu akufotokozera alendo kuti zonse za ku Chongoni ndi ntchito ya makolo athu Achewa, ndipo ndamvaponso wina akunena kuti zofiirazo ndi zolemba za mizimu chifukwa tianthu ta m'tchire sitikanatha kujambula. Woyambayo akuwalanda Akafula ntchito yawo mwa kunyada, wachiwiriyo mwa kunyoza, ndipo sindikuona kusiyana kwenikweni pakati pa iwo ndi Mauch uja. Tisaiwale kuti katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark atafukula phanga la Mwana wa Chentcherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza timiyala tosemedwa bwino ta mivi ndi mipeni, mafupa a nyama zimene ankasaka, ndi zizindikiro zakuti alenjewa anakhalabe m'mapirimu kwa nthawi yaitali alimi atafika kale. Anthu amenewo anali ndi luso lawo, chipembedzo chawo ndi njira yawo yolerera ana, ndipo anakhala m'dziko lino zaka zikwizikwi, kuposa zimene ife takhalamo.

Mkangano weniweni wa akatswiri pa zojambula zofiirazi uli pa zaka zake ndi tanthauzo lake, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Njira yodziwira zaka imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri imayeza kaboni-14, amene amapezeka m'chinthu chilichonse chimene chinakhalapo ndi moyo ndipo amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse chinthucho chikafa. Makala, mafupa ndi mbewu zopserera zimayezeka motero. Koma utoto wofiira umachokera ku dothi kapena mwala wokhala ndi chitsulo, umene sunakhalepo ndi moyo, choncho ofufuza amadalira zimene zapezeka pansi pa phangalo ndiponso kuona chithunzi chimene chakwera pa chinzake. N'chifukwa chake munthu wodziwa ntchito yake amalankhula mosamala za zaka za zojambulazi, pamene wa pavidiyo uja amatchula nambala ina iliyonse mosaphethira.

Pali umboni wina umene ambiri sitinaumve, ndipo ndi wosautsa mtima. Mu 2017 gulu la ofufuza, mmene munali Pontus Skoglund, Jessica Thompson ndi David Reich, linafalitsa zotsatira za DNA yotengedwa m'mafupa akale a ku Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chentcherere konkuno, ena a iwo a zaka zoposa 8,000. Anapeza kuti anthu amenewo anali pachibale ndi Asan a kummwera kwa Africa ndiponso ndi Ahadza a ku Tanzania, koma mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, chibale chimenecho sichinaoneke. Mafupa amene anayezedwa ndi a anthu ochepa, ndipo DNA siingatiuze ngati Akafula anatha ndi nkhondo, matenda, njala kapena kusamuka. Komabe zimene tili nazo zikutanthauza kuti zojambula zofiira za ku Chongoni zilibe mdzukulu woti aziimirire. Ashona alipo ndipo anadziyankhira okha, mpaka dziko lawo analitcha dzina la mpanda uja mu 1980. Akafula alibe wowayankhira kupatula ife amene tinatenga malo awo, Achewa, Angoni amene anafika m'zaka za m'ma 1800, Ayao ndi ena tonse.

Wina angaganize kuti ndikunyoza mbiri ya pakamwa, koma si choncho ayi. Kumunsi kwa mapiri, cha ku Mtakataka, kuli bwinja la Mankhamba, limene akuluakulu akhala akulitchula m'mbiri ya Kalonga ndi ufumu wa Maravi. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi anatsata mawu a akuluakuluwo, nakafukula padzala la mudziwo, ndipo anapeza mapale a mbiya, zitsulo, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere ndi zidutswa za mbale za ku China. Apa pakamwa panalozera malo, nthaka n'kuwonjezera zimene pakamwa panali pataiwala, zakuti mudzi wa m'boma lathu lino unkachita malonda ofika ku Asia Azungu asanakhazikike kuno. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira: agogo anene, khasu lifufuze, ndipo pamene ziwirizi zasemphana tinene poyera kuti zasemphana, m'malo mobisa chimodzi kuti chinacho chioneke bwino.

Pa zojambula zoyera ndili ndi mbali ina imene mwina akatswiri sangagwirizane nayo kwathunthu. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anaonetsa kuti zambiri mwa nyama zotambasula miyendo zija zinkathandiza anamkungwi polangiza atsikana pa chinamwali, ndipo zimenezi anazidziwa pofunsa amayi a m'midzi yozungulira. Apa eni ake alipo, ndipo zina mwa zimene zithunzizo zimanena ndi za kumalangizo, monga mmene za Nyau zilili za kudambwe. Ndikukhulupirira kuti namkungwi akakana kumasulira chithunzi kwa mlendo wonyamula kamera, akuchita zoyenera, ndipo wofufuza alembe zimene waloledwa basi. Kunena zoona za amene anajambula sikufuna kuti tiulule zonse zimene ankatanthauza.

Chimene chikuwononga umboni kwathu kuno masiku ano ndi manja athu omwe. Pa miyala ina ya Chongoni pali maina olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambula, ndipo mitengo yotchinga mapanga ikamadulidwa, mvula ndi dzuwa zimafika pa utoto umene unali wotetezeka. Palinso zimene zimachitika tikamakumba maziko, zimbudzi kapena nkhuti za njerwa: munthu akapeza mapale, mikanda kapena zotsala za ng'anjo yosungunulira chitsulo, amatola chokongolacho n'kumwaza zinazo. Koma phale lochotsedwa pamalo pake lataya pafupifupi zonse zimene likanatiuza, chifukwa zaka zake zimadziwika ndi makala amene linagona nawo ndi kuya kwa pamene linali, ndipo ichi n'chimene Hall anawononga ku Great Zimbabwe kosabwezeka. Wopeza zotere aleke kukumba pamenepo, ajambule ndi foni zinthuzo zili m'malo mwake, auze amfumu, ndipo amfumu adziwitse ofesi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale, imene ili ndi antchito ake ku Chongoni konko.