Petr Svoboda sanali woperekeza, achimwene

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira usiku wa dzulo koma zandikanika, ndilembe basi. Pagulu lathu lina la pa WhatsApp, la ife amene tinaphunzira limodzi ku sekondale kalekale, achimwene ena omwe anasamukira ku Canada zaka zitatu zapitazo anaponya kavidiyo ka hockey ya pa ayezi, ka mpikisano wa Olimpiki wa ku Nagano, ku Japan, mu 1998. Pansi pake analembapo kuti dziko la Czech linapatsidwa mendulo ya golide ndi munthu mmodzi yekha, goloboyi Dominik Hašek, ati enawo ankangoperekeza. Ankangoperekeza! Ndinameza malovu, ndikuwafunsa mwaulemu kuti nanga chigoli chimodzi chokha chimene chinalowa m'ndime yomaliza anamwetsa ndani. Sanachedwe kuyankha, ndi kankhope koseka pamwamba pake, ati Jágr, ndaninso. Anthu asanu ndi awiri anaikapo chala chovomereza.

Achimwene, Jaromír Jágr, katswiri wakutsogolo wa Czech, sanamwetse chigoli chimenecho. Tsiku limenelo sanamwetse chigoli chilichonse. Anamwetsa ndi Petr Svoboda, wotchinga kumbuyo, mmodzi wa anthu amene inu mukuti ankangoperekeza. Linali Lamulungu pa 22 Febuluwale 1998, Czech ikumenyana ndi Russia, zigawo ziwiri za mphindi 20 zitatha popanda woona golo la mnzake. M'chigawo chachitatu, patangodutsa mphindi zisanu ndi zitatu, Pavel Patera wa Czech anapambana polimbirana kampira oyimbira atakaponya pansi, Martin Procházka anakakankhira kumbuyo, ndipo Svoboda ali kufupi ndi mzere wabuluu anakaswa ndi ndodo. Mikhail Shtalenkov, goloboyi wa Russia, anangokamvera kumbuyo kwake. 1-0, ndipo zinathera pomwepo. Golide woyamba wa hockey pa Olimpiki m'mbiri ya dzikolo anabwera ndi ndodo ya wotchinga kumbuyo. Woperekeza wanji amene amafika n'kukwatira mkwatibwi?

Mwina muziti zinangochitika mwamwayi. Bwererani masiku awiri m'mbuyo, mu semifayinolo yolimbana ndi Canada komwe mukukhalako inuko, Canada ya Wayne Gretzky, Eric Lindros ndi Patrick Roy pagolo. Chigoli cha Czech m'masewero amenewo anamwetsa ndani? Jiří Šlégr. Amasewera pati? Kumbuyo. Trevor Linden wa Canada anabweza kutatsala pafupifupi mphindi imodzi, zinthu zinakathera ku mapenate, Robert Reichel wa Czech anagoletsa yake, Hašek sanalole ndi imodzi yomwe mwa zisanu za Canada kulowa. Ndiye werengani nokha, poti masamu tinaphunzira kalasi imodzi. Kupatula mapenate, m'masewero awiri omaliza timu ya Czech inamwetsa zigoli ziwiri, ndipo zonse ziwiri zinachokera kwa otchinga kumbuyo. Inu n'kudzuka lero, mutafunda jekete la ku Canada, n'kumati ankangoperekeza.

Musandimve molakwa. Hašek anali chilombo pagolo, ndilibe naye mlandu. Anthu a ku Prague anadzaza bwalo lalikulu la mumzinda wakale akufuula kuti apite naye ku nyumba yachifumu ya pa phiri akakhale pulezidenti, ndipo ndikanakhalapo ndikanafuula nawo. Koma mutu umodzi susenza denga. Timu imeneyi inangolowetsedwa zigoli zisanu ndi chimodzi m'masewero asanu ndi limodzi, pa Olimpiki yoyamba imene akatswiri onse a mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, analoledwa kusewera. Pavel Bure wa Russia anali atangomwetsa zigoli zisanu yekha mu semifayinolo yawo ndi Finland. Zisanu, munthu mmodzi, tsiku limodzi. Atafika kwa Czech anatuluka chimanjamanja. Mukuganiza kuti Bure anatopa yekha? Kapena anawamvera chisoni? Panali anthu amene ankamutsekera njira, kumukankhira kukhoma, kumulanda kampira asanatembenuke n'komwe. Maina awo ndi Svoboda, Šlégr, Roman Hamrlík, Richard Šmehlík, František Kučera, Jaroslav Špaček. Muwatchule kaye maina amenewa mokweza, lilime lipindike, kenako mudzanene zoperekezazo.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti munthu mukumuchepsayu simukudziwa kumene anachokera. Svoboda anabadwa mu 1966 ku Most, tauni ya migodi ya malasha kumpoto kwa dzikolo, nthawi imene linali Czechoslovakia ya chikomyunizimu. Anakulira mu timu ya Litvínov, pafupi pomwepo. Mu 1984, ali ndi zaka 18 zokha, anapita ndi timu ya achinyamata kukasewera ku West Germany ndipo sanabwererenso kwawo. Anathawa. Masiku amenewo kuthawa sikunali kukwera ndege ndi pasipoti m'thumba ngati mmene munachitira inu, abale akukubayibitsani pabwalo la ndege. Kunali kusiya makolo osadziwa ngati udzawaonanso, dzina lako n'kusanduka la munthu wogalukira dziko. Mwana wa zaka 18. Ena a ife pa msinkhu umenewo tinkalira chifukwa chotisiya ku sukulu yogonera konko. Ndipo dzina lakelo, Svoboda, m'chinenero chawo limatanthauza ufulu, ngati kuti makolo ake analota.

Mu Juni chaka chomwecho, pa mwambo wosankha osewera atsopano a NHL umene unachitikira ku Montreal, timu ya Montreal Canadiens inamusankha pa nambala 5, ndipo mnyamatayo anatulukira m'holo momwemo anthu ambiri asakudziwa n'komwe kuti ali ku Canada. Woyamba kusankhidwa chaka chimenecho anali Mario Lemieux. Patrick Roy, amene mumamutama uja, Montreal yomweyo inamutenga pa nambala 51. Serge Savard, bwana wa timuyo amene anamusankha, nayenso anali wotchinga kumbuyo wotchuka m'masiku ake, ndiye ankadziwa chimene akugula. Kodi munthu woperekeza amamusankha wachisanu pa dziko lonse? Patangopita zaka ziwiri, mu 1986, Montreal inatenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, itagonjetsa Calgary, Svoboda ali ndi zaka 20. Ulemu wa wosewera bwino koposa unapita kwa Roy, goloboyi. Mukuona? Nyimbo yake ndi yomweyi kuyambira kale.

Anasewera mu NHL zaka 17. Montreal mpaka 1992, kenako Buffalo, kenako Philadelphia, n'kumalizira ku Tampa Bay. Masewero 1,028. Ndi iyeyo munthu woyamba wa ku Czech kufika masewero 1,000 mu ligi imeneyo, asanafikepo Jágr wanu uja. Zigoli zake pa zaka zonsezo ndi 58 zokha, ndipo ndikudziwa kuti apa ndi pamene muyambire kuseka. Sekani. Chigoli chimodzi pa masewero pafupifupi 18 alionse. Ndiye dzifunseni kuti matimu anayi a ligi yolemera chonchija ankalipiriranji munthu wosagoletsa kwa zaka 17. Ankamukonda nkhope? Ankamulipira chifukwa cha zigoli zimene sizinalowe, ndipo zigoli zimene sizinalowe sizioneka pa kavidiyo ka masekondi 30 kamene munatiponyera.

Ine masewerowa ndinayamba kuwatsatira nditapita kukaphunzira ku Czech, ndipo poyamba nanenso ndinkangoona anthu akuthamangitsana ndi ndodo. Mnzanga wina wa konko ndi amene anandiuza kuti ndisiye kuyang'ana kampira, ndiziyang'ana anthu awiri akumbuyo. Pa ayezi pamakhala anthu asanu ndi mmodzi mbali iliyonse: goloboyi, atatu akutsogolo, awiri akumbuyo. Awiriwa nthawi zambiri amatsetsereka chobwerera m'mbuyo, nkhope ili kwa mdani amene akubwera ndi liwiro la galimoto. Tayesani kuyenda chafutambuyo pa simenti yonyowa muone. Kampirako ndi ka labala wolimba gwa, kophwatalala, amachita kukaumitsa mufiriji masewero asanayambe, ndipo akakamenya mwamphamvu kamathamanga kupitirira makilomita 150 pa ola. Ntchito ya wotchinga kumbuyo ndi kudziponya kutsogolo kwa chinthu chimenecho. Mwadala. Ndi mwendo, ndi nthiti, nthawi zina ndi kamwa. Akatero amadzuka, kulavula, n'kupitiriza. Kampira kamene kamufika Hašek ndi kamene kapulumuka kwa anthu amenewa, ndipo kambiri kamafika kochokera patali kapena chapambali chifukwa pakati atsekapo. Uku ndiye kuperekeza?

Svoboda anasiya kusewera mu nyengo ya 2000 mpaka 2001 chifukwa chovulala m'mutu. Sanachoke chifukwa chokhuta ndalama, thupi ndi limene linakana. Munthu anapereka mutu wake weniweni ku ntchito, wina ali pa sofa ndi kapu ya khofi n'kumulemba kuti woperekeza.

Ndipo taganizani izi. Chifukwa chothawa kuja, munthuyu anali asanasewerepo mpikisano waukulu uliwonse ndi timu yaikulu ya dziko lake mpaka Nagano. Chikomyunizimu chinagwa mu 1989, Czechoslovakia inagawikana mu 1993, iye ali kutsidya kwa nyanja. Mphunzitsi Ivan Hlinka, wa ku Litvínov komweko, ndi amene anamuitana ali ndi zaka 32, zaka 14 chithawireni. Mwana amene boma lakale linkamuona ngati wogalukira ndi amene anadzutsa dziko lonse m'mamawa wa Lamulungu, anthu ali pa TV kunja kusanache bwino, kukuzizira. Ku Czech nkhaniyi ngakhale mwana amaidziwa, mukakanena zoperekezazo mu bala ya ku Litvínov mudzatuluka mowa musanamalize. Ndi ife akutali amene timatola dzina limodzi kapena awiri n'kumayenda nawo ngati tadziwa zonse. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chifukwa chake n'chodziwika, makamera amatsata wogoletsa ndi wogwira, basi. Koma zimenezo si chifukwa choti munthu wamkulu, wa ana, azilemba zinthu asanafufuze.

Chinanso chimene simukudziwa, poti mumakonda Jágr: atasiya kusewera, Svoboda anakhala woimira osewera pa nkhani za makontilakiti, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankawaimira anali Jágr yemweyo. Katswiri wanuyo ankati akafuna kukambirana za ndalama zake, amatuma woperekeza uja. Šlégr naye, amene simunamumvepo, ali m'kagulu kochepa ka anthu amene anapambana zonse zitatu, golide wa Olimpiki mu 1998, Stanley Cup ndi Detroit mu 2002, ndi chikho cha dziko lonse mu 2005. Bambo ake, Jiří Bubla, analinso wotchinga kumbuyo wa timu ya dziko. Banja lonse la operekeza, eti?

Vuto la anthu akumbuyo ndi loti sadziguguda pachifuwa. Wakutsogolo akagoletsa amathamanga bwalo lonse, kugwada, kuloza kumwamba, kupsompsona kamera. Wakumbuyo akatchinga chigoli amangotembenuka kubwerera pamalo pake ngati palibe chachitika. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndiye poti iwo sadzinenera, ndiwanenera ine. Svoboda sanaperekeze munthu ku Nagano. Sanaperekeze munthu ku Montreal. Sanathawe kwawo ali mwana kuti akaperekeze munthu. Hašek anagwira, inde, koma ukagwira zonse osagoletsa masewero amathera 0-0, ndipo golide sapatsa anthu a 0-0.

Mwina mukudabwa kuti ndapsera mtima chiyani pa nkhani ya anthu a kutali, a masewero oti kwathu kulibe. Ndikuuzani. Inu achimwene mukukumbuka bwino kuti ku sekondale ndinkasewera nambala 5 zaka zinayi zathunthu. Zipsera za m'miyendomu ndikadali nazo. Tikapambana, atsikana ankanyamula amene wagoletsa, inuyo nthawi zambiri, chigoli chochita kukupatsirani pakamwa pa golo. Tikaluza, aliyense ankafunsa kuti kodi akumbuyo amatani. Zaka zonsezi zadutsa, imvi zayamba, mwawoloka nyanja, mwasintha ndi masewero omwe, koma maganizo ndi omwe aja.

Ndipo kavidiyo kanu kaja ndakaoneranso kawiri m'mawa uno. Chigoli cha Svoboda chilimo. Chilimo, chapakatikati, nambala ndi dzina zikuoneka pamsana. Ndiye kuti munatiponyera chinthu chimene inu eni simunachionere mpaka kumapeto. Khalidwe limeneli landitopetsa pagulu paja, munthu kungotola chinthu n'kuponya, kaya ndi za mankhwala, kaya ndi za ndale, kaya ndi uthenga wamaliro a munthu woti ali moyo, ena n'kumaikapo zala osawerenga. Mwa asanu ndi awiri aja, asanu ndi mmodzi ndawakhululukira, hockey sakuidziwa. Koma iwe amene unkasewera nambala 4 pambali panga, amene unathyoka dzino potchinga mpira tsiku lija kunkagwa mvula, chala chako ndachiona.